Tinakaona cheetah ku Majete, ndalama sinapite pachabe ngakhale sanathamange

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa kuti kodi zithunzi za cheetah zija ndinajambula ndekha kapena ndinangozitapa pa intaneti, ndiye lero ndapeza mpata ndifotokoze zonse za ulendo wathu wa ku nkhalango ya nyama ya Majete, zabwino zake komanso chimene chinandipsetsa mtima mpaka lero.

Woyambitsa zonsezi ndi mwana wanga wa Sitandade 5. Foni yanga amaitenga ngati yake ndipo bandulo yanga imathera pa mavidiyo a nyama zothamangitsana basi. Tsiku lina akundifunsa kuti adadi, kodi cheetah amapezeka ku Malawi kuno? Ine osaganiza n'komwe ndinati ayi, zimenezo ndi za ku Kenya ndi ku Tanzania, ndipo ndinayankha ndi mawu a uphunzitsi aja oti palibe wotsutsa. Kumeneko kunali kunama masanasana. Macheetah anabwezeretsedwa m'dziko muno mu 2017 ku Liwonde patatha zaka pafupifupi 20 atatheratu, ndipo mu 2019 ena anayi anabwera nawo ku Majete kuchokera ku South Africa. Tangoganizani, ine ndikukhala pa Ngabu pompano, nyama ili m'boma langa lomwe la Chikwawa, ine n'kumauza mwana kuti ili ku Kenya. Manyazi amenewo ndi amene anandichititsa kuyamba kusunga kangachepe mwezi ndi mwezi mpaka tinanyamuka anthu anayi, ine, mayi akunyumba, mwanayo, ndi bambo anga amene anakulira chakwa Chapananga ndipo nkhalango imeneyi amaidziwa kuyambira kale isanakhale ndi mpanda.

Ndiyambe ndi chonyansacho chichoke. Galimoto tilibe, ndiye ndinapangana ndi mnyamata wina wochititsa hayala, dzina sindimutchula koma akawerenga adzidziwa yekha. Tinagwirizana kuti 4 koloko m'bandakucha akhale ali pakhomo kuti tikapeze ulendo wa m'mawa wozungulira m'nkhalango, ndipo iyeyo ndi amene ankanditsimikizira kuti bwana musadandaule, cheetah mukamuona akuthamanga ndi maso anu, ine ndimapita nawo anthu kumeneko daily. Ndinamupatsa theka la ndalama dzulo lake. 4 koloko inakwana, zii. 5 koloko foni yake ikungoitana osayankha, bambo anga atavala kale jekete atakhala pakhonde ngati akupita ku ukwati. Anatulukira cha m'ma 6 dzuwa litatuluka kale, akuti mafuta anavuta, chonsecho tikudutsa pa Nchalo anaimanso kunyamula matumba awiri a munthu wina opita pa Dyeratu, pa hayala yolipira ine. Pamene timakhota kulowera ku boma n'kutenga msewu wa ku Kapichira, ulendo wa m'mawa unali utapita kalekale. Ndiye langizo langa loyamba ndi limenelo, ngati mulibe galimoto yanu musakhulupirire malonjezo a pakamwa, ndi bwino kukagona pafupi, mkati momwemo muli malo omanga matenti komanso loji ya Thawale kwa amene thumba likulola.

Pageti zinthu zinayenda bwino, sitinachedwe. Tengani chiphaso cha unzika chifukwa Mmalawi amalipira ndalama yochepa kuyerekeza ndi alendo akunja. Mitengo sindilemba pano, mmene kwacha ikuyenderamu imene ndinalipira ine mwina yasintha kale, funsani musananyamuke. Tinalembetsa ulendo wa madzulo ndi galimoto yawo yotsegula ija ndi gaidi wawo, ndiye masana onse tinangokhala pamthunzi kudikira, kutentha kwa Okutobala kwa kuno mukukudziwa, madzi amene tinatenga anasanduka tiyi. Tinapitako kukaona mathithi a Kapichira, mwana wanga n'kudabwa kumva kuti magetsi aja ankavuta mu 2022 namondwe Ana atawononga, gwero lake linali pamenepa.

Tsopano gaidi. Munthu ameneyu ndi amene wandichititsa kulemba zonsezi. Tisanakwere n'komwe anatiuza mosabisa kuti aphunzitsi, cheetah sindingakulonjezeni, nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 700 ndipo nyamazo ndi zochepa, pali anthu amabwera masiku atatu osamuona. Ndinayang'ana mwana wanga, nkhope inagwa. Koma ine mumtima ndinati uyu ndiye munthu woona, osati wa hayala uja wa ma guarantee. Malamulo anali ochepa, osaimirira, osakuwa, osatulutsa manja, ndipo bambo anga ankawatchula kuti agogo n'kuwakhazika kutsogolo pamene sipadumpha kwambiri.

Nswala zinali mbwee, njiri zikuthamanga michira ili njo ngati mlongoti wa wailesi, mbidzi, aboo, mvuu mu Shire. Zimenezo ndidutse msanga. Koma titakumana ndi njovu zisanu ndi kamwana zikuthyola nthambi pafupi ndi msewu, bambo anga anangoti chete nthawi yaitali, kenako anati ine ndinkati zimenezi sindidzazionanso kuno. Iwo anaona ndi maso nkhalango ija ikutha, pofika m'ma 1990 njovu zinali zitaphedwa zonse, anthu akungolowa kutchera misampha ndi kuotcha makala. Gaidi anawalongosolera kuti a African Parks atayamba kuyendetsa malowa mu 2003 anabweretsa zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006, akambuku 2011, mikango 2012, ndipo cheetah anabwera mochedwa dala, anadikira kuti nswala ndi tinyama tina tichuluke kaye, si ungaitane mlendo nkhokwe ili mbee.

Cha m'ma 4 koloko wailesi ya m'galimoto inalira, mnzake wina wa gaidi akumuuza malo. Anatembenuza galimoto osanena kanthu, tinayenda mwina mphindi 20 m'kamsewu kafumbi pakati pa mitengo ya tsanya, kenako anazimitsa injini n'kuloza ndi chibwano. Ine sindinaone kalikonse. Udzu wouma, chulu, mthunzi wa mtengo, basi. Mwana wanga ndi amene anayamba kundigwira mkono mwamphamvu, ndiye mchira unagwedezeka, apo ndi pamene maso anga anatseguka. Anali awiri, atagona chammbali pafupi ndi chulu, mtunda wake ngati kuchokera pagolo kufika pakati pa bwalo la mpira.

Bambo anga nthawi yomweyo, kambuku uyo. Gaidi anaseka pang'ono n'kunena kuti agogo, yang'anitsitsani kumaso. Anawapatsa mabainokyula ake. Cheetah ali ndi mizere iwiri yakuda yochokera m'maso kutsikira kukamwa ngati munthu amene walira atapaka wanja, kambuku alibe. Mawanga a cheetah ndi madontho akuda bii odzaza, pamene a kambuku amakhala ozungulira ngati timaluwa pakati pali pofiirira. Mutu ndi waung'ono, miyendo yaitali, mimba yolowa mkati, kunena zoona mmene anaimirira mmodzi uja ndinakumbuka agalu osaka a kumudzi aja amene amaoneka ngati sanadye masiku atatu. Kulemera kwake ambiri amakhala pakati pa makilo 35 ndi 60, thumba limodzi la chimanga basi. Kambuku ndi wojintcha, amasaka usiku, amakweza nyama mumtengo. Uyu amasaka kukuwala, m'mawa kapena chakumadzulo, nthawi imene mikango ndi afisi ambiri akugona. Bambo anamvetsera zonse, anabweza mabainokyula, n'kunena kuti chabwino, ndi kambuku wowonda. Tinaseka chamumtima chifukwa phokoso linali loletsedwa.

Ndiye tinakhala pamenepo. Mphindi 10, mphindi 20, nyama zili gone. Wina amadzutsa mutu, kuyang'ana uku ndi uku, kugonanso. Mwana wanga anayamba kunong'ona kuti ankolo, bwanji sakuthamanga? Apa ndi pamene ndinaona kuti ndalama ya gaidi si yolipirira galimoto yokha ayi. Anatembenuka n'kuyamba kumufotokozera mwanayo pang'onopang'ono, akuloza pa nyama imene ili patsogolo pathu, moti ngakhale ine mphunzitsi ndinatulutsa foni kumalemba.

Anati mphwanga, liwiro limene umaona pa vidiyo lija ndi loona, palibe nyama ya pamtunda imene ingamupose. Ofufuza anawaveka makolala oyezera liwiro ku Botswana, wothamanga kwambiri anafika makilomita 93 pa ola, m'tchire, akusaka zenizeni. Wina wamkazi dzina lake Sarah, wa kumalo osungira nyama ku Cincinnati ku America, anathamanga mamita 100 m'masekondi 5.95 mu 2012, pamene Usain Bolt rekodi yake ndi 9.58. Mwana wanga anatsegula pakamwa. Thupi lonse linapangidwira zimenezo, msana umapindika n'kuwongoka ngati sipuling'i, mphuno ndi mapapo ndi zazikulu kuti mpweya uzilowa wambiri, zikhadabo sizibwerera mkati zonse ngati za mphaka, zimakhala panja n'kumagwira pansi ngati mastadi a nsapato za mpira. Za mchira anafunsa bambo anga kuti agogo, bwato pa Shire mumaliwongolera ndi chiyani? Iwo anati nkhafi. Anati basi, mchira uwo ndi nkhafi yake, nswala ikakhota mwadzidzidzi iye amaponya mchira mbali ina kuti asagubuduke. Ndipo akuti pa kusaka kwenikweni chimene chimamupindulira kwambiri ndi kukhota ndi kuima msanga kumeneko, nthawi zambiri safika n'komwe pa liwiro lake lonse.

Koma mtengo wake ndi wowawa. Kuthamanga konseko sikukwana ngakhale mphindi imodzi, mamita 200 kapena 300 zatha, ngati sanagwire amangosiya. Akagwira, amaipinga nyamayo ndi chikhadabo chachikulu cha mkati mwa mwendo wakutsogolo, ikagwa amailuma pakhosi n'kukanikiza mpaka mpweya uthe, chifukwa mano ake ndi aafupi, sangathyole khosi ngati mkango. Akatero sangadye nthawi yomweyo, amakhala pansi wefuwefu, nthawi zina mpaka theka la ola. Ndiye miimba ikayamba kuzungulira m'mwamba fisi waona, mkango waona, akubwera. Cheetah salimbana nawo, amangodzuka n'kuchoka kusiya nyama imene wavutikira, chifukwa akangovulala mwendo umodzi ndiye kuti sadzagwiranso kanthu, njala imumaliza. Bambo anga anapukusa mutu n'kunena kuti ndiye nyama imeneyi imagwirira ganyu afisi. Gaidi anati agogo mwanena zoona, n'chifukwa chake akapeza mpata amadya mothamanga, maso ali uku ndi uku, ndipo kawirikawiri sabwereranso ku nyama ya dzulo.

Kuyambira pamenepo kugona kuja ndinayamba kukuona mwamtundu wina. Si ulesi. Ngakhale ali gone makutu amangoyendayenda, pakapita kamphindi mutu m'mwamba. Nyama yoopsa koma yokhala mwamantha tsiku lonse.

Chimene sindidzaiwala ndi kulira kwake. Mmodzi anadzuka, anadziwongola, anapita pa mtengo n'kuuthira mkodzo atatembenuka, akuti ndi mmene amalembera malire awo, kenako anazungulira kuseri kwa chulu. Wotsala uja atadzutsa mutu n'kupeza mnzake palibe, anatulutsa kamawu kakang'ono kakuthwa, ine ndinayang'ana mumtengo kufuna mbalame. Mayi akunyumba anandigunda ndi chigongono kuti ndi iyeyo. Chinyama chonsecho kulira ngati kamwanapiye! Cheetah sabangula ngati mkango, amaitana ndi kamawu kameneko, ndipo akakhutira amachita nkonono wa mphaka uja. Mnzakeyo anabwerera, anayamba kunyambitana kumaso. Mmodzi anali ndi kolala pakhosi, gaidi anati imathandiza oyang'anira nyama kudziwa kumene ali.

Mayi akunyumba ndi amene anafunsa kuti nanga mkazi ndi ana ali kuti, poti awa onse ndi amuna. Yankho lake linandiika m'mavuto ine. Akuti amuna, makamaka a bere limodzi, amayenda pamodzi moyo wawo wonse, kusaka limodzi, kuteteza dera limodzi. Wamkazi amakhala yekha. Bere ndi la miyezi itatu, amaswa ana atatu mpaka asanu nthawi zambiri, amawabisa m'udzu n'kumawasamutsa pakapita masiku ochepa kuti fungo lisaitane adani, ndipo akapita kosaka anawo amatsala okha. Tiana timabadwa ndi ubweya wautali wotuwa pamsana, ena amati umatichititsa kuoneka ngati chiuli, kanyama kaukali kaja kamene ngakhale zilombo zikuluzikulu zimakapewa. Ngakhale zili choncho ambiri safika pokula, ku Serengeti ofufuza anapeza kuti mwa ana 20 mmodzi yekha ndi amene ankafika podziimira payekha, ambiri ankaphedwa ndi mikango. Opulumukawo amakhala ndi mayi wawo pafupifupi chaka ndi theka akuphunzira kusaka, mayi amawagwirira kamwana ka nswala kamoyo n'kuwasiyira kuti ayesere. Bambo wa anawo kulibe, sadziwa n'komwe kuti ana akudya chiyani. Mayi akunyumba anangoti ehe, ngati anthu ena amene ndikuwadziwa, maso ali pa ine, ine amene ndalipira ulendo wonsewo. Gaidi anayang'ana kumbali kubisa kuseka.

Dzuwa litayamba kufiira zinthu zinasintha. Mmodzi anakwera pachulu n'kukhala tsonga, akuyang'ana kutali, pamenepo ndi pamene ndinajambula chithunzi chimene mukuchikayikira chija. Kumunsi kunali nswala mwina khumi zikudya. Anatsika, mutu pansi, mapewa okha akuyenda, mnzake pambuyo. Akayenda masitepe asanu amaima ngati chitsa, nswala ikadzutsa mutu iyenso zii, ikaweramanso iye n'kusuntha. M'galimoto munalibe wopuma, mwana wanga zikhadabo zake zinalowa m'mkono mwanga, mpaka pano ndikamakumbuka ndimamva. Ndiye nyani wina mumtengo anakuwa, nswala imodzi inafwenthera mwamphamvu, zonse mitu m'mwamba kuyang'ana komwe kunali iye. Cheetah anaima, anaziyang'ana, n'kukhala pansi. Basi. Anayamba kunyambita mwendo ngati palibe chimene amafuna.

Mwana wanga anatsala pang'ono kulira, akuti bwanji sanazithamangitse poti amaziposa liwiro. Gaidi anati mphwanga, mtunda unali wautali, iye amafuna afike pafupi kwambiri asanaonedwe, akaonedwa ali kutali mafuta ake amatha asanazipeze, ndiye aonongerenji mphamvu. Ine pamenepo ndinakhumudwa nawo, ndisaname, munthu wasunga ndalama miyezi ingapo umafuna fumbi liwuluke. Koma tikubwerera ndinkaganiza kuti vidiyo ija imationetsa masekondi 20 okha, maola ena onse a tsiku la nyamayi ndi amene tinaona ife, kudikira, kuyang'ana, kuwerengera ngati zikupindula.

Pobwerera kugeti kukuchita mdima gaidi anatiuzanso kuti macheetah padziko lonse m'tchire atsala pafupifupi 7,100 okha malinga ndi kuwerenga kwa mu 2016, ndipo ku India anatheratu moti boma linalengeza mu 1952, mpaka mu 2022 anachita kukatenga asanu ndi atatu ku Namibia pandege. Ndiye ife tili nawo pakhomo, ulendo wa maola awiri kuchokera pa Ngabu, enafe osadziwa.

Ndiye kwa amene mukufunsa ngati n'koyenera, ine ndikuti pitani, ndipo lipirani galimoto ya gaidi ngakhale mutakhala ndi yanu. Tikanakhala tokha tikanadutsa pa chulu chija osaona kanthu, ndipo tikanawaona tikanakhala mphindi zisanu n'kunena kuti ndi akambuku aulesi. Tengani madzi ambiri, chipewa, ndipo ngati mungabwereke mabainokyula bwerekani chifukwa ife anayi tinkalimbirana amodzi a gaidi. Foni wamba ngati yangayi musaidalire, pa zithunzi 60 zimene ndinajambula zooneka ndi zitatu, zina zonse ndi udzu. Ana aang'ono kwambiri amene sangakhale chete ola lathunthu, ganizirani kawiri. Ndipo munthu aliyense wokuuzani kuti mukamuona ndithu akuthamanga, ameneyo akufuna ndalama yanu.

Wa hayala uja tinamupeza pageti atagona m'galimoto miyendo ili pawindo. Tikukwera anafunsa mokondwa kuti bwana, mwamuona akuthamanga eti, ndinakuuzani ine. Ndisanayankhe bambo anga anati ayi mwana wanga, anangokhala pansi kudikira, ngati mmene tinakudikirira iwe m'mawa muja. Mpaka pa Nchalo mnyamata uja sanayankhulenso, ndipo ndalama ya matumba awiri aja ndinamudula pa theka lotsala.